Aluso odzaphunzitsa m'sukulu za mu Blantyre: zimene zikugwira ndi zimene zikungodya ndalama

M'sukulu za pulayimale mu Blantyre muno, za boma ndi zoyima pazokha zomwe, mumafika timagulu ta anthu aluso titanyamula kalata yopempha kuti tizidzagwira ntchito ndi ana. Kawirikawiri amakhala anthu atatu kapena anayi: wojambula, woimba ng'oma, wa zisudzo, nthawi zina ndi mayi woumba mbiya kapena mnyamata wopinda magalimoto a mawaya. Amalonjeza kuti luso lawo lithandiza ana pa masamu, sayansi ndi Social Studies, osati pa Expressive Arts pokha. Ndemanga ino ndi ya ntchito imeneyo, ndipo tikulembera inu ahedi, a komiti ya sukulu ndi a PTA amene kalata yotere ili pa tebulo panu.

Ntchitoyi ndi yoyenera kuilipira ngati alusowo azibwera kangapo, ndipo mwini phunziro akhalebe mphunzitsi wa kalasi. Ya tsiku limodzi ija, yoti ana onse asonkhane pabwalo, ng'oma zilire, ena avine, alendo ajambule zithunzi n'kukwera minibasi, ndi chisangalalo chabe. Chisangalalo si choipa, koma musachilipire ndi ndalama ya maphunziro.

Chimene chimasiyanitsa gulu labwino ndi losathandiza chimaoneka pa kukumana koyamba, ana asanaone n'komwe ng'oma. Gulu lodziwa ntchito limapempha kuona silabasi, buku la mphunzitsi lochokera ku MIE, bungwe lokonza silabasi ndi mabuku a sukulu ku Domasi, ndi masikimu a teremu imeneyo. Limafunsa mphunzitsi kuti, "Kodi madamu, ana amavutika pa mutu uti?" ndipo ntchito yonse imamangidwa pa yankho limenelo. Gulu limene lafika ndi pulogalamu yake yophikaphika kale, yofanana ku Chilomoni, ku Bangwe ndi ku Chigumula, limangophunzitsa zimene limadziwa, kaya ana afika pa mutuwo kaya ayi. Kukumana kumeneku kumafuna ola lathunthu, ndipo pothera pake pakhale pepala limodzi lolembedwa mutu wa phunziro, masabata amene alusowo azibwera, zipangizo, ndi amene azichita chiyani m'kalasi. Masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kamodzi pa sabata, amakwana mutu umodzi. Piriyodi imodzi ya mphindi 35 siikwana kanthu, chifukwa kutulutsa zipangizo ndi kusamba m'manja kokha kumadya theka lake. Phatikizani mapiriyodi awiri, ndi bwino akhale omalizira tsikulo.

Pa zonse zimene magulu amenewa amachita, ng'oma pa masamu ndiyo imabweza ndalama yanu mokwanira, komanso ndiyo yotsika mtengo. Mutu umene imaugwira bwino ndi wa LCM, wopeza nambala yaing'ono kwambiri imene manambala awiri amalowamo ndendende, umene ana ambiri amangouloweza osaumva. Kachitidwe kake n'kotere. Woimba ng'oma amagunda pang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi, kalasi yonse ikuwerenga mokweza kuyambira 1. Ana a kumanja amaomba m'manja pa nambala yachiwiri iliyonse, a kumanzere pa yachitatu iliyonse. Pa 6 manja onse amalira pamodzi, pa 12 chimodzimodzi. Mphunzitsi amakhala ali pa bolodi, akulemba mizere iwiri ya manambala ndi kuzunguliza pamene akumana. Kenako amasintha, 3 ndi 4, ndipo amakumana pa 12. Apa ana ochenjera amafulumira kunena kuti aidziwa njira, n'kungochulukitsa manambala awiriwo. Ndiye mumawapatsa 4 ndi 6. Iwo amati akumana pa 24, koma manja amalira pamodzi pa 12, ndipo kalasi yonse imamva ndi makutu ake kuti kuchulukitsa si yankho nthawi zonse. Mphindi imeneyo ndiyo phunziro lenileni, ndipo woimba wabwino amaima pomwepo, n'kumusiyira mphunzitsi kuti afunse chifukwa chake.

Chimalakwika n'chakuti ng'oma imakoma. Woimba amene anazolowera manganje kapena beni sachedwa kuthamangitsa, kuika tokometsera, ana n'kuyamba kugwedeza mapewa, kuwerenga kwathera pomwepo. Muuzeni poyera kuti pa mphindi makumi awiri zoyambirira ng'omayo ndi wotchi, kuvina kubwere kumapeto. China ndi phokoso. Pa sukulu pamene makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo, ng'oma imodzi imabalalitsa sukulu yonse, choncho pezani ngodya ya kutali kapena gwiritsani ntchito manja ndi timitengo tiwiri m'malo mwa ng'oma yaikulu. M'mawa wa June ndi July, chiperoni chikagwa, chikopa chimalefuka ndipo ng'oma imafunika kuiwamba pamoto. Moto umenewo ukolezedwe kutali ndi ana, koma musataye mwayi: ana amve ng'omayo isanawambidwe ndi itawambidwa, chifukwa kumeneko ndiko kuona kuti chikopa chikakungika mawu amakwera.

Pa sayansi ya mawu pali msampha umodzi umene timauona kawirikawiri. Alusowo amandanda mabotolo agalasi asanu ndi atatu ofanana, n'kuthiramo madzi mosiyanasiyana. Mukamenya botolo ndi sipuni, lodzaza madzi ndilo limalira motsika, chifukwa chimene chikunjenjemera ndi galasi pamodzi ndi madziwo. Mukauzira mpweya pakamwa pa botolo zimatembenuka: lodzaza ndilo limalira mokwera, popeza chikunjenjemera ndi mpweya wochepa umene watsala pamwamba. Woimba amene sanaganizepo bwino amachita zonse ziwiri n'kupereka lamulo limodzi, ana n'kukalemba zosokonekera. Mphunzitsi ayesere yekha ku ofesi tsiku lisanafike.

Mapu a Malawi ojambula pakhoma ndiwo amakopa makomiti ambiri, chifukwa amaoneka, ndipo a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera pali choti muwaloze. Apanso ndi pamene ndalama zambiri zimalowera, nthawi zina popanda mwana kuphunzira kanthu. Wojambula waluso akhoza kumaliza mapu okongola yekha Loweruka limodzi, koma amenewo ndi makongoletsedwe a khoma. Kuti likhale phunziro la sikelo ya mapu ndi la maboma, ana ndiwo akuze mapuwo pogwiritsa ntchito mabokosi. Dziko lathu ndi lalitali ndi lowonda, kotero mapu a papepala a masentimita 25 m'litali ndi 10 m'lifupi amakwana bwino. Alembeni mabokosi a masentimita 2.5, mupeza mizere 10 ya mabokosi anayianayi, onse pamodzi 40. Pamalo pojambulapo bokosi lililonse likhale la masentimita 20, ndiye kuti mwakuza kasanu ndi katatu, ndipo mapu atuluka mamita awiri m'litali ndi masentimita 80 m'lifupi. Ana awiriawiri amatenga bokosi lawo, n'kukopera ndi choko mzere umene ukudutsa m'bokosimo. Mabokosi ena agwera kunja kwa malire ndipo mulibe chojambula, eni ake apatseni kiyi yofotokoza zizindikiro za mapu, muvi woloza kumpoto ndi mayina a maboma.

Mamita awiri pakhoma ndi patali kwa mwana wa Sitandade 6, makamaka poti mapu sayambira pansi penipeni. Chitipa ndi Karonga zimathera pamene pafunika makwerero, ndipo magulu ena amangokweza ana pa desiki. Njira yabwino ndi kugula bolodi la pulayiwudi la masentimita 244 kwa 122, kuligoneka pansi pakhonde, ana n'kulizungulira mbali zonse, likauma n'kulikhomera m'kalasi. Likhala nthawi yaitali kuposa la panja. Ngati komiti ikufunabe khoma, funsani wojambulayo mmene alikonzere, ndipo yankho lake likuuzani ngati amaidziwa ntchito. Khoma lopakidwa laimu silimagwira penti, laimuyo ayenera kupalidwa ndi bulashi ya waya n'kutsukidwa, apo ayi pofika mvula yachiwiri nyanja ikusupuka ngati chikopa cha njoka. Pulasitala watsopano adikire pafupifupi mwezi kuti aume. Khoma limene m'munsi mwake mumatuluka zoyera ngati mchere likukoka chinyontho kuchokera pansi, lisiyeni. Loyang'ana kumadzulo limapsa ndi dzuwa la masana ndipo zofiira ndi zachikasu zimafwifwa msanga. Kupala penti yakale ya mafuta achite akuluakulu ana atapita, chifukwa fumbi lake silabwino kulipuma ndipo penti zina zakale zinkakhala ndi mtovu.

Penti ikhale yosungunula ndi madzi. Ya mafuta imawala bwino, koma imanunkha, imachedwa kuuma, imafuna thinazi, ndipo ikadontha pa yunifomu makolo akupezani ku ofesi. Lita imodzi imapaka malo a masikweyamita 8 mpaka 10 pamalo osalala, pakhoma lokhakhala imachepera pamenepo. Bolodi lija ndi la masikweyamita atatu okha, choncho lita imodzi ya andakoti (penti yoyamba kupaka), lita imodzi yoyera, ndi tizitini ting'onoting'ono ta yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yakuda n'zokwanira, mitundu ina ana asakanize okha. Kotesheni ikabwera ndi zidebe za malita 20 pa mapu amodzi, funsani kumene yotsalayo ikupita. Mabulashi khumi aang'ono ndi awiri aakulu amakwana, popeza ana opitirira khumi sangagwire bolodi limodzi nthawi imodzi. Penti igawidwe m'zitsekero kapena m'mabotolo odula pakati, chitini chisachoke m'manja mwa wamkulu.

Penti isanagwe, mphunzitsi ayendere mzere wa choko ali ndi atilasi m'manja. Zolakwika zimene zimabwerezeka ndi zomwezomwezo: maboma osakwana 28 chifukwa wojambula wakopera mapu akale opanda Neno, limene linachoka ku Mwanza, zilumba za Likoma ndi Chizumulu kuiwalika kapena kuikidwa pafupi ndi Nkhata Bay pamene zili kufupi ndi gombe la Mozambique, Shire kutuluka m'nyanja osadzera ku Malombe, Chilwa ndi Chiuta kusinthana malo. Cholakwika cha m'kope chimafufutika, koma cha pakhoma ana amachiwerenga tsiku ndi tsiku kwa zaka.

Kuumba kumagwira bwino ngati cholinga si kuti mwana aliyense apite kwawo ndi kambiya. Mayi woumba amabwera ndi mtapo wake wopondaponda kale, wochotsa miyala, nthawi zina wosakaniza ndi mapale osinja kuti usang'ambike. Gulu lililonse la ana lipange kathabwa ka dongo, masentimita 12 kwa 4, kuchindikala sentimita imodzi, n'kulembapo ndi msomali mzere wa masentimita 10 ndendende. Kaumire pamthunzi, akukatembenuza tsiku lililonse kuti kasapindike. Pakatha sabata kapena kupitirira, mzere uja umapezeka utafupika, kawirikawiri ndi theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, malinga ndi dongolo. Apo mwapeza peresenti yochokera m'manja mwa ana eni ake, komanso funso la sayansi lakuti madzi aja apita kuti. Akakayeza pa sikelo kali kakuwisi ndi katauma, phunziro limakula. Zowononga zake ndi izi: kuyanika padzuwa, kumene kumaumitsa kunja mkati muli mwamadzi, kathabwa n'kung'aluka; kusowa posunga pa sukulu imene kalasi imodzi imalowa ana ena masana; ndi madzi akasiya m'mipopi, ana 90 manja ali matope okhaokha. Tungiranitu zidebe zinayi. Posesa dongo louma muziwaza madzi. Zootcha zisachitikire pa sukulu, ndipo chilichonse chisanaume mpaka mkati chimaphulika pamoto chifukwa cha nthunzi.

Magalimoto a mawaya ndi achidule koma okoma. Gudumu lotambalala masentimita 7 limafuna waya wa masentimita 22, kuwonjezapo awiri opiringira. Mangani kaulusi pa gudumu, liyendetseni maulendo khumi, ana ayeze: masentimita 220. Mwana amene wadula yekha wayayo saiwalanso kumene 22/7, nambala yopezera kuzungulira kwa gudumu, ikuchokera. Waya adulidwe ndi wamkulu, nsonga zipindidwe zisanafike kwa ana, ndipo wadzimbiri asalowe m'kalasi. Atsikana asangopatsidwa ntchito yogwira rula.

Zisudzo ndizo zimatikayikitsa. Ana amazikonda kuposa china chilichonse, ndipo pa Chichewa ndi pa Life Skills zimamasula pakamwa ngakhale mwana wamanyazi. Koma pa mfundo zofuna kulondola zimaterera. Tengani sewero la kolera, nkhani imene Blantyre amaidziwa bwino, poti mu January 2023 sukulu za mumzinda uno ndi za ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Pafupifupi nthawi zonse mumakhala bambo woledzera wokana kukumba chimbudzi, ndipo ndi iyeyo amene ana amamukumbukira ndi kumutsanzira sabata yonse. Mukawafunsa kuti paketi ya Thanzi imasungunulidwa m'madzi ochuluka bwanji, ena akuti kapu, ena akuti ndowa, pamene yankho ndi lita imodzi ya madzi abwino. Njira yothetsera vutoli ndi yoti mphunzitsi alembe mfundo zisanu zimene ziyenera kumveka m'seweromo liwu ndi liwu, aonere kuyeserera komaliza, ndipo sewero lisapitirire mphindi khumi kuti patsale nthawi ya mafunso. Pa nkhani ya kukokoloka kwa nthaka samalani kwambiri. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo kuli ana amene anataya abale. Thireyi ziwiri za dothi, ina ya udzu ina yopanda, zothiridwa madzi ofanana, zimaphunzitsa mfundoyo popanda kumuika mwana kuti asewere maliro.

Magule nawo amafuna kufunsana. Tchopa, amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, ali ndi eni ake ambiri mumzinda muno ndipo amalowa bwino pa mutu wa chikhalidwe. Gule Wamkulu ndi nkhani ina: ali ndi mwambo wake ndi eni dambwe, ndipo pa sukulu ya mishoni kapena pamene pali makolo a zipembedzo zosiyana, chigoba chobwera mwadzidzidzi chimayambitsa mlandu umene ahedi adzausenza okha alendo atapita.

Vuto limene magulu ambiri salikonzekera ndi kuchuluka kwa ana. Ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo, pamene waluso anazolowera ana 20 a ku kalabu ya Loweruka. Akagwira ana khumi akutsogolo, ena onse amasanduka oonerera, ndipo phokoso limayamba kumbuyo. Chimene chimagwira ndi kugawa kalasi m'magulu anayi osinthana: lina lili ndi waluso, lina likuyeza ndi kulemba, lina likuwerengetsa masamu a ntchitoyo ndi mphunzitsi, lina likukonzekera. Izi zimatheka pokhapokha mphunzitsi ali momwemo. Aphunzitsi ena, poti ndi otopa ndithu, amaona kubwera kwa alendo ngati mpata wokachonga makope ku ofesi. Zikatero mwataya zinthu ziwiri: kulumikiza luso ndi silabasi, ndi chitetezo cha ana. Mlendo asatsale yekha ndi ana, kaya ndi wotchuka motani. A Mother Group adziwe masiku ake, a PEA auzidwe, ndipo zithunzi za nkhope za ana zisapite pa Facebook makolo asanavomere.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Alusowo amaphunzitsa m'Chichewa, ndipo n'chifukwa chake ana amamva msanga. Koma mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana akhoza kuomba m'manja pa 12 molondola n'kulephera funso chifukwa sanalizindikire papepala. Mphindi khumi zomalizira zikhale za mphunzitsi: mawu a m'buku alembedwe pa bolodi, ana achite mafunso atatu a mtundu wa mayeso m'makope mwawo. Kuti mudziwe ngati ndalama yagwira ntchito, perekani mafunso khumi a m'buku alusowo asanayambe, ena ofanana nawo akamaliza, ndi enanso patapita masabata awiri.

Makalasi oyenera kwambiri ndi Sitandade 5 mpaka 7. A Sitandade 8 asiyeni, makamaka mayeso akayandikira. Penti ndi dongo zimafuna nyengo youma, ndiye September ndi October, kumayambiriro kwa teremu yoyamba, ndi nthawi yabwino, ngakhale kuti masana penti imauma pa bulashi, choncho khalani pamthunzi. Teremu yachiwiri ndi ya mvula, dongo limatha masabata osauma, ikani ng'oma ndi zisudzo pamenepo. Ngati ndalama ya basi ilipo, ulendo umodzi ndi wojambula wopita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, umapatsa ana maonekedwe a njerwa ndi mauta oti ajambule ndi kuyeza, ndipo ku Chichiri Museum kuli zipangizo zakale zogwirizana ndi Social Studies. Pemphani chilolezo pasadakhale, ana apite ndi pepala la mafunso.

Pa malipiro, kotesheni igawidwe patatu: luso la munthu, thiransipoti, ndi zipangizo. Mtengo umodzi wophatikiza zonse umabisa zambiri. Zipangizo igule sukulu yokha ku Limbe kapena m'tauni, wojambula aperekeze kuti asankhe zoyenera, malisiti asungidwe, chifukwa ngati ndalamayo ndi ya SIG, thandizo la boma lotukulira sukulu, adzafunidwa. Mitengo ya penti imasinthasintha, kotero kotesheni ya mwezi watha iyenderedwenso musanasaine. Luso lilipireni bwino ndi pa nthawi yake, musamuuze munthu kuti angothandiza ana pamene wa simenti mumamulipira. Theka liperekedwe poyamba, lotsalalo akamaliza sabata yomaliza. M'pangano mulembedwenso kuti mabulashi, mapulayala ndi penti yotsala ndi za sukulu, ndi kuti waluso asiye tsamba limodzi lofotokoza miyeso ndi ndondomeko, loti mphunzitsi adzachite yekha ndi kalasi ya chaka chamawa.